Mabotolo Pansi pa Makatoni

Lamont anayala mabotolo agalasi pansi m'bini ya buluu, yoikamo zinthu zokakonzedwanso, n'kuwaphimba ndi makatoni a pitsa. Ankadziwa kuti akuphwanya lamulo. Kuyambira chilimwe, khonsolo ya mzinda inali itasiya kutola magalasi. Akuti mtengo wake unagwa, palibenso fakitale yowagula. Botolo tsopano linkayenera kulowa mu bini yakuda, limodzi ndi mafupa a nkhuku ndi matewera, ulendo wa kumtaya.

Akanakhala mabotolo ena, Lamont akanawaponya kumeneko osaphethira. Koma awa ayi. Mayi ake atamwalira mu Okutobala, iye anasiya koleji n'kubwerera m'nyumba yopanda munthu. Mufiriji anapezamo supu wa nyemba wouma gwa ndi kuzizira, mabotolo ndandanda mpaka kumbuyo. Tsiku likamuwawa kwambiri ankatenthetsa botolo limodzi, n'kudya chiimire, osayatsa wailesi. Mchere unali wochepa, monga analamulira dokotala. Akatha ankatsuka botololo mpaka kuwala. Chimene chinagwiridwa ndi manja a mayi ake sichikanapita kukagona ndi matewera.

Vuto linali Gorecki, mkulu woyendetsa galimoto yotola za m'mabini a buluu. Anali wa ndevu zaimvi, wosadziwa kuseka. Akapeza galasi mu bini ya munthu, ankamatapo kapepala kofiira n'kuisiya yodzaza pamsewu. Wobwereza kangapo ankalandidwa bini.

Lachiwiri lililonse m'mawa, Lamont ankamuonerera pawindo. Mkuluyo ankavundukula makatoni, kutulutsa mabotolo, kuwaunika limodzi limodzi, n'kuwaika pampando wakutsogolo. Kapepala sankamata. Lamont anazindikira msanga: munthuyu akusonkhanitsa umboni, ndipo akadzaukwanitsa, mabotolo onse adzathera kumtaya, bini n'kupita nayo.

Lachiwiri lina Lamont anatuluka ndi masilipasi, kunja kukuzizira koluma makutu.

"Bwana wa magalasi! Mwapeza chuma lero?"

Gorecki sanatembenuke. "Kavale jekete, mnyamata iwe. Ukufuna ndikutole ndi iwe womwe? Nawenso mtengo ulibe."

"Matani kapepala kanuko tithane nazo. Mukuopa chiyani?"

"Zivindikiro zili kuti?"

"Mwati chiyani?"

"Zivindikiro. Sabata ndi sabata mabotolo ali kukamwa yasa. Ukuyesa zivindikiro zimamera m'munda?"

Lamont anagwira bini ndi manja awiri ngati wina akufuna kumulanda pomwepo.

"Achikulire, amenewo ndi mabotolo a mayi anga. Munali supu wawo womaliza. Ine ndikudya pang'onopang'ono kuti asathe msanga. Simukawataya kumtaya, mwandimva?"

Injini ya galimoto inkangolira. Gorecki anapukuta mphuno ndi gulovu, n'kuyang'ana nyumbayo kanthawi, kenako mnyamatayo.

"Kumtaya akatani? Akubwerera kwanga amenewa. Mayi ako ankawabweza momwemu, pansi pa makatoni, koma iwo ndi zivindikiro zomwe." Anaika botolo lomaliza pampando n'kukwera. "Supu uja ndinkaphika ndine, Lamlungu lililonse. Iwo anasiya kuima pa sitovu chaka chatha. Anati ndisakuuze, ungasiye sukulu."