Buleki ya Maginito Okhaokha

"Dziko lonse lino palibe anaganizapo zimenezi!" anatero makaniko wa zikepe zokwerera m'nyumba zosanja, akudziguguda pachifuwa pamaso pa mayi wa ku ofesi yolembetsa zotulukira. "Buleki yanga ilibe sipuling'i, maginito okhaokha. Magetsi akalowa, chikepe chimaima nji! Ingondipatsani chiphaso chaumwini, akuba asanandibere nzeru."

Pakona panaima mdala amene anam'phunzitsa kugwira sipanala, yemwe masiku ano ankangomutuma kusesa. Iyeyu ankadziwa kuti buleki yeniyeni imagwira ndi sipuling'i, maginito ntchito yake n'kumasula basi. Anati atsegule pakamwa.

"Madala, tsache likukusowani uko," anam'dula makaniko. "Nzeru zanu zinachita dzimbiri kalekale."

Mdala anakatenga tsache lija.

"Bulekiyi ndi yatsopanodi," anatero mayi uja akulemba. "Koma tione ngati imagwiradi ntchito. Akwere ndani?"

"Mwiniwake!" Makaniko analowa m'chikepe, n'kukwera mpaka nsanjika yachitatu, n'kuimitsa chikepe nji. "Mwaona?" anakuwa ali m'mwambamo. "Madala, ombani m'manja!"

"Kwatsala kamodzi," mayiyo anatembenukira kwa mdala. "Tiyese magetsi atazima. Bambo, swichi yaikulu ili pati?"

Mdala anayang'ana m'mwamba kanthawi, kenako anatsamiritsa tsache lake kukhoma bwinobwino.

"Ine ndine wosesa chabe, mayi. Koma swichiyo ndi iyi."

Mdala anaithimitsa. Chikepe chinatsika nsanjika zonse zitatu osaima paliponse, mwini nzeru akuitana amayi ake, mpaka pansi khuu!