Dzina la a Longwe pa Mwala

"Cyrus Longwe!" anawerenga mokweza a Gresham Kachale, mkulu wa chipani wochokera ku Lilongwe. Chala chawo chinali pa mwala watsopano wokumbukira asilikali a ku Nkhata Bay amene anafera ku nkhondo ya ku Burma.

"Ndilipo, bwana!" A Longwe anadzuka n'kuchita sawatcha, mamendulo akulira pachifuwa.

"Khalani pansi, madala. Tikuwerenga akufa."

"Vuto lake ndi limenelo, ada. Ine ndinabwerako. Ndimagulitsa usipa kudoko, funsani aliyense."

Anthu amene ankawagula usipawo tsiku ndi tsiku anangoti zyoli. A Kachale anavula magalasi.

"Mwala uwu wavomerezedwa ndi boma. Mukuti boma lanama?"

A Longwe anaona anyamata a chipani a malaya ofiira akusendera. Anakumbukira mphunzitsi wina amene anatsutsapo kanthu kakang'ono, ndipo kwawo sanaonekenso.

"Ayi, bwana. Ndakumbuka tsopano. Ndinafadi."

"Mwachita bwino. Wachibale wa malemu abwere adzaike nkhata ya maluwa."

Mkazi wawo, a Nyamanda, anadzuka n'kumangitsa chitenje. A Longwe mtima unakhala pansi poganiza kuti mayiwo awanenerera. Koma a Nyamanda anagwada pamwalapo n'kuyamba kulira mokweza, misozi yeniyeni ili chuchuchu.

"Nyamanda, ndili pano!" ananong'ona a Longwe.

"Ndisiyeni ndilire," anatero mayiwo akusisita dzinalo. "Uyu ndiye anali mwamuna. Amene anabwerako uja, mowa basi."