Chimbudzi Chowala cha a Jailosi

Mu Juni chaka cha 2021 a Hawkins Namaona anabera a Jailosi Mulinde nzeru. Bangwe yense amadziwa, poti a Jailosi sanasiye munthu wosamuuza.

Awiriwa ankaumbira limodzi masinki ndi mbale za m'chimbudzi kuseri kwa nyumba ya a Jailosi. Zawo zinkatuluka mu uvuni zikuwala ngati za ku Joni, zosamwa madzi, zosagwira fungo. Chinsinsi chinali phala lomwe ankapaka asanawotche: mabotolo osinja, phulusa la zitsononkho ndi dongo loyera. Tsiku lina a Hawkins anavala jekete, kukwera minibasi, n'kubwerako ndi chiphaso chonena kuti nzeruyo ndi yawo, wina asayerekeze kuigwiritsa ntchito.

"Munthu woti ndinam'tola akugulitsa makala," ankatero a Jailosi, atakhala pa sinki yosweka, anthu atawazungulira. "Nzeru imeneyi inandidyera zaka zinayi. Magdalena, tasiya kaye kusinjako, anthu sakundimva."

Mkazi wawoyo ankaimika musi, kupukuta zala zodzaza mabala a magalasi, kudikira kuti bambo amalize.

A Jailosi anakasuma, ndipo mlandu unayenda zaka zitatu. Maloya ananenepa. Mapeto ake akuluakulu a m'tauni, amene dongo sanaligwirepo, anagamula kuti chiphaso chikhale cha onse awiri. Anangopempha chimodzi: eni nzeru alembe muyezo weniweni wa phalalo, chifukwa papepala loyamba lija panalibe.

A Hawkins anabwera nayo fomu yolembapo muyezowo pakhomo pa a Jailosi, atavala jekete lomwe lija. Anapatsana moni ngati pamaliro.

"Lembani ndinu, achimwene," anatero a Hawkins. "Paja mumati ndinu mwini wake."

"Ayi, lembani inuyo. Si munathamangira m'tauni?"

Cholembera chinapita uku, n'kubwerera uku. Mmodzi anati waiwala magalasi a maso, wina anati dzanja likunjenjemera. Chomveka pabwalo chinali musi wokha.

Kenako a Jailosi anatsokomola, osatembenuka n'komwe.

"Magdalena, zoyesayesa zako zija, paja unamaliza ndi zitini zingati za phulusa?"

"Ziwiri ndi theka," anayankha mayiyo, musi uli m'manja. "Monga ndimathirira masiku onse."

A Hawkins analemba. Pansi pa fomuyo panali mizere iwiri, ndipo amuna awiriwo anasaina.