Nkhunda Zoyenda Pansi

Bambo akumwalira, achimwene anga a Layisoni anawalonjeza kuti m'khola mwawo simudzasowa nkhunda. Nthawi imeneyo achimwene ankayendetsa ndege ya asilikali, imodzi mwa zakale zija zinkatsokomola ponyamuka, ndipo akamadutsa pamudzi ankapendeketsa phiko, ife n'kumakuwa pansi.

Nditabwerako ku Joni, kumene ndinakalambira, ndinapeza thambo lili ndi eni ake. Ndege zatsopanozi sizifuna munthu m'kati, ndipo lamulo likuti choweta chilichonse chisauluke kupitirira denga. Banja lolakwa katatu limasamutsidwa. Achimwene anawapumitsa ntchito kalekale. Tsopano ankangokhala pakhonde ndi sizasi, kudula nthenga za nkhunda.

"Zikuyendatu ngati nkhuku," ndinatero.

"Nanga ine ukundiona ndikuuluka?" anayankha osandiyang'ana.



Tsiku lina kaunda kamene sizasi inakaphonya kanauluka mpaka pansonga ya mtengo wa mango. Ndege inabwera n'kuima pamwamba pathu, ikulira ngati udzudzu, kenaka inapita. Alamu anga a Nasibeko anatula ndowa pansi madzi n'kutayika.

"Bambo a Tadala, aka n'kachiwiri. Manda a makolo anu ali apa. Akatisamutsa muwasenza pamutu?"

Achimwene anayang'ana kumwamba nthawi yaitali, kenaka anaitanitsa mpeni.

M'mawa mwake ndinasesa nthenga pabwalo. M'khola la bambo munalibe nkhunda ndi imodzi yomwe.