Lupanga la Hanieli

Tsiku limene Alevi anapha opembedza fano la mwana wang'ombe patsinde pa phiri la Sinai, Hanieli anabaya mng'ono wake Yaribu pakhosi. Kutada, anatuluka mumsasa kukakwecha lupanga lake ndi mchenga.

Anakwecha mpaka manja kuwawa, koma magazi ankangoyenderera, ofunda.

"Achimwene, simukwecha choncho," anatero munthu kumbuyo kwake. Mawuwo ankatuluka ndi kamluzu, ngati thumba lachikopa lobooka.

Hanieli sanacheuke. "Yaribu, ndakukwirira ndekha iwe."

"Dzenje lake losaya. Ankhandwe andipeza kale."

Dzanja lozizira, loduka zala ziwiri, linagwira chigumbu cha lupangalo pamwamba pa dzanja la Hanieli, n'kuyamba kulozetsa nsonga pamimba pake pang'onopang'ono.

"Ndiye mumati ku Kanani mukalowa nokha, achimwene?"