Mawafulo a Mayi Godelieve

Ndagi! Nyumba ikununkhira chakudya, koma moto unazima kalekale. Ine ndinakulira m'zilape za agogo, koma ichi si chawo ayi. Yankho lake lili m'nkhaniyi, ndipo amene anandiuza akuti inachitikadi.

Panali bambo wina dzina lake Joris, woyang'anira zakudya pa paki yaikulu ya zisangalalo kuno ku Belgium, ija ya mahotela awiri ndi sitima zothamanga m'mwamba. Eni ake atsopano anayamba kuchepetsa chilichonse. Kasupe wa pachipata anauma, oimba malipenga anachotsedwa, utoto wa nyumba yachifumu unayamba kusupuka. Chinkakwera ndi mtengo wa tikiti basi. Joris anauzidwa kuti nayenso apeze pochepetsa, apo ayi ntchito yake ithe.

Chabwino chimene chinatsala chinali kanyumba ka mayi Godelieve, amene kwa zaka makumi atatu anaphika pamenepo mawafulo, timakeke towotchera pakati pa zitsulo ziwiri. Pakhomo panali chikwangwani cha dzina lawo: "Ophikidwa pompano. Mulibe mtedza." Makolo a ana amene mtedza umawawenga ankachikhulupirira. Ngakhale Fien, mwana wa Joris wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene kachidutswa ka mtedza kankamutseka kukhosi, ankadya pamenepo osafunsa.

Tsiku lina kunabwera mlendo wa jekete yonyezimira, pa galimoto yopanda dzina la kampani.

"Bwana wanga, mukuwonongeranji batala ndi mazira?" anatero. "Mawafulo anga ndi ophikaphika, ongotenthetsa, theka la mtengo. Ndikupatsaninso kamakina aka. Kamapopera fungo la wafulo wapamoto mpaka kuchipata. Anthu amadya ndi mphuno, bwana."

"Mulibe mtedza?" anafunsa Joris.

"Mtedza ulowamo kudzatani? Werengani nokha pakatonipo."

Joris anawerenga kapepala koyera komatidwa pakatoni, nagwedeza mutu. Koma mayi Godelieve anagwira katoniyo, n'kukanda kapepalako ndi chala.

"Joris, mwana wanga, bwanji kapepala aka akamata pamwamba pa kanzake? Munthu sabisa chabwino."

"Mayi, inu mumakayikira ngakhale mvula. Siyani katoni ya eni."

"Fakitale yake ili kuti? Wamufunsa?"

"Achembere awa ndi apolisi kapena?" anaseka mlendo uja. Joris nayenso anaseka.

Mwezi usanathe, mayi Godelieve anapatsidwa maluwa ndi kalata yopumira pa ntchito. Pochoka analoza chikwangwani chija.

"Chotsa ichi. Dzina langa lisanamize ana a anthu."

"Ndichotsa mawa," anatero Joris. Sanachotse. Chikwangwanicho ndicho chinkakoka anthu. Zitsulo zophikira zinazizira, kamakina kanabisidwa kuseri kwa denga, fungo n'kumatuluka lokoma kuposa kale. Nyumba ya m'chilape changa ndi imeneyo.

Ena ankadandaula kuti mawafulo akumveka ngati siponji. Joris ankangoti ndi malilime awo. Kangapo anaima pafupi ndi makatoni aja, chala chili pakapepala, koma ankachibweza. Ankaopa zimene angapeze. Kunyumba sananene kuti mayiwo anachoka, poti Fien ankawakonda mayi Godelieve ngati azakhali ake enieni.

Lachisanu lina ana a kalasi ya Fien anabwera kudzasangalala ku pakiyo. Joris anali pamsonkhano kuhotela, akuwomberedwa m'manja chifukwa chopulumutsa ndalama. Aphunzitsi anawerenga chikwangwani, n'kugulira ana onse. Fien analuma kawiri.

Foni itaitana, Joris anathamanga mpaka nsapato kuvuka. Anapeza mwana wake ali gone pansi, milomo yotupa, akupuma ngati kamwana kamphaka. Aphunzitsi anali atamubaya kale jakisoni amene ankayenda naye chifukwa cha vuto lake la mtedza.

"Bambo, si mwalemba nokha kuti mulibe mtedza?" analira aphunzitsiwo.

Ambulansi isanafike, Joris analowa m'kanyumbako n'kumatula kapepala kaja. Pansi pake panali kakale, ka zilembo zazikulu: muli mtedza. Anali mawafulo amene masitolo anawakana. Anaimba foni ya mlendo uja. Nambalayo kunalibenso.

Fien anapulumuka, koma anakhala masiku anayi m'chipatala. Eni paki anati iwo sadziwa kanthu, wolakwa ndi amene anasaina. Joris anachotsedwa ntchito, ndipo mlandu ukumudikira.

Phunziro: Chotchipa chofika ndi mlendo wa pakamwa pokoma uzichiyang'ana kawiri. Wamkulu akakayikira, usamuseke. Ndipo bodza ukalipachika pakhomo, sungasankhe amene adzaliwerenge. Tumizirani anzanu onse, makamaka amene amagulitsa zakudya za ana.

Akuti tsiku lachitatu m'chipatala muja Fien anayamba kulankhula bwino. Mayi ake anali mbali ino ya bedi, Joris mbali inayo, nesi akukonza botolo la madzi. Mwanayo anatembenukira kwa bambo ake.

"Adadi, azakhali a Godelieve amadziwa kuti ine sindidya mtedza. Ndiye anaiwala bwanji?"