Chigamba pa Mbendera ya Woyera Nasibeko

Chiletsereni ziliza, womwalira aliyense amakumbukiridwa ndi chigamba chimodzi cha chovala chake, chosokedwa pa mbendera ya Woyera Nasibeko, nkhoswe ya dziko, amene amati anatchinga chigumula ndi chitenje chake. Asilikali amasokedwa pa mzere wofiira, alimi pa wobiriwira.

Mwamuna wa Esinta anali mlimi, koma anasiya malaya oyera okha, a kutchalitchi.

"Amayi, tingogula nsalu yobiriwira pamsika," anatero mwana wake Filesi. "Adziwa ndani?"

"Ndikapachike mlendo m'malo mwa bambo ako?"

Esinta anasinja masamba a chinangwa, nanyikamo thumba la malayawo masiku atatu mpaka linabiriwira. Telala wa boma sanafunse kanthu, anangolisoka pakati pa zigamba za alimi ena.

Mvula yoyamba itagwa, mtundu wonse wa pachigambacho unasuluka. Filesi anabwera wefuwefu.

"Amayi, manyazi! Mudzi wonse ukuloza."

Esinta anaima pakhomo nayang'ana mbendera ija kubwalo. Pa zigamba mazanamazana zobiriwira, chimodzi chinali mbee!

"Aziloza," anatero. "Anzangawo amuna awo akuwaona pati?"